Besi ndi Ng'oma Zitakwatirana

Banja la Wamawotchi linayamba bwino, ndipo amene anaona chiyambi chake sakanaganiza kuti lidzathera m'bwalo la milandu. Mwamunayo anali ndi kachipinda kogwiriramo ntchito pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, kopapatiza moti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. M'menemo ankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kagalasi kali padiso, akutola ndi kapani tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Anali munthu wadongosolo, wosamwa, wosatukwana, wosachedwa. Anzake analibe. Sikuti ankadana ndi anthu ayi, koma ntchito yake inamuzoloweza kukhala chete, ndipo munthu wachete anthu sachedwa kumuiwala.

Mkazi wake anamupeza m'kachipinda komweko. Anali wosita zovala m'shopu ina yochapira, ndipo anabwera ndi wotchi ya malemu mchimwene wake imene inali itaima. Wamawotchi anaikonza tsiku lomwelo. Mayiyo anabweranso katatu, akuti wotchiyo ikuchedwa, pamene inkayenda bwinobwino. Ulendo wachitatu mwamunayo anavula kagalasi kaja n'kumuyang'ana ndi maso onse awiri. Chaka chisanathe anamanga ukwati.

Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri. Pakhoma la pabalaza panali gitala ya besi, ya nsambo zinayi zonenepa, imene mchimwene uja anasiya. Ndiye anaphunzitsa mlongo wakeyo kuimba adakali kamtsikana. Madzulo akatha kudya, mayiyo ankaitsitsa n'kumaiimba chapansipansi osailumikiza ku magetsi, mwamuna wake akupukuta zida zake pathebulo. Zaka zinayi zinatha chotero. Mwana sanabwere. Sanakanganepo za nkhaniyi, komanso sanaikambepo, ndipo m'nyumbamo munayamba kukhala zii kuposa mmene nyumba ya anthu awiri okondana iyenera kukhalira.

Tsiku lina kunabwera mkulu wa kagulu kena koimba nyimbo za roko, amene anzake ankamutchula kuti Kaputeni. Kale ankaimba ndi malemu uja, ndipo tsopano woimba besi wake anali atasamuka. Anapempha mayiyo kuti alowe m'malo mwake, koma mayiyo anakana. Amene anamulimbikitsa anali mwamuna wake.

"Pitani, mayi," anatero. "Ine ndimaona mmene nkhope yanu imakhalira mukaigwira gitalayi. Mukangokhala nane muno mudzakalamba msanga."

"Nanga inu muzitsala ndi yani?"

"Ndizibwera kudzaonera."

Mawu amenewa anali achikondi, ndipo ayenera kukumbukiridwa, chifukwa munthu amene anadzachita choipa pambuyo pake sanabadwe woipa.

Kalabu imene gululo linkaimbako inali yaing'ono. Munthu ankatsika masitepe khumi ndi awiri kuchokera mumsewu n'kulowa m'chipinda chimene kale ankasungiramo matayala. Fungo la mphira linali lisanachokeretu. Denga linali pafupi, makoma anapakidwa utoto wakuda, ndipo nsanja inali ya matabwa okhomedwa pa makireti. Anthu makumi asanu ndi limodzi akalowa, mpweya unkachepa. Loweruka lililonse magulu atatu a m'deralo ankaimba mosinthana kuyambira sikisi koloko mpaka naini, chifukwa oyandikana nawo anadandaula ndipo mwini malo analamulidwa kutseka msanga. Phokoso lake linali loti ukaika dzanja pachifuwa unkamva nthiti zikunjenjemera. Achinyamata ankadumpha, akugwedeza mitu ngati akukana mlandu, thukuta lili kamukamu.

Wamawotchi ankafika asanayambe, atavala jekete, n'kukhala pakathebulo ka kuseri kwa chipilala. Ankaitanitsa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi n'kutseka makutu ndi thonje. Oimba akamadutsa ankamuwomba paphewa.

"Alamu, mwafika? Lero muvinako?"

"Alamu savina, amawerenga masekondi," wina ankatero, onse n'kuseka.

Iye ankamwetulira, koma palibe amene ankakhala naye pansi. Kwa maola atatu ankakhala yekha pakati pa anthu, akuyang'ana mkazi wake pansanja. Ndipo mkazi amene ankamuona kumeneko sanali uja wa kunyumba. Uyu ankaseka kukamwa konse, mapewa akuvina, maso akuwala. Poyamba mwamunayo ananyadira. Kenako anayamba kudzifunsa chifukwa chake kuseka kotero sikunkafika kunyumba. Munthu amene amakhala yekha nthawi yaitali amayamba kufunsa mtima wake mafunso oyenera kufunsa anthu, ndipo mtima umayankha zimene ukufuna.

Kumbuyo kwa nsanja kunkakhala woimba ng'oma, amene onse ankangoti Wang'oma. Anali bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu, wamapewa aakulu, wosakwatira, wokhala yekha m'chipinda cha lendi. Anaimba ng'oma zaka makumi awiri ndi zisanu ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Pano mpofunika kufotokoza mmene oimba otere amagwirira ntchito. Mu nyimbo za roko, besi ndi ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi ziyenera kugunda pamodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Zikasiyana, nyimbo yonse imatsimphina. Zikagwirizana mpaka kumveka ngati chida chimodzi, oimba a m'kalabu imeneyi ankati zakwatirana. Anali mawu awo a pantchito, opanda manyazi alionse, ndipo ankawanena tsiku lililonse osaganizako kawiri.

Tsiku lina atatha kuyeserera, ena onse atatuluka, Wang'oma anaimitsa mayi uja pamasitepe.

"Achemwali, ndili ndi mawu. Koma mulumbire kaye kuti sapita kwina."

"Mwapalamula chiyani, achimwene?"

"Makutu anga atha. Lakumanzereli linafa chaka chatha. Lakumanjali latsala kulira mluzu basi. Dokotala wati sizibwerera. Inu mukulankhulamu ndikuona milomo yanu, mawu sindikuwamva."

"Nanga mwakhala mukuimba bwanji?"

"Ndimamvera m'matabwa, kumapazi. Koma Kaputeni akasintha nyimbo pakati ndimasochera. Munaona Loweruka lapitali. Akadziwa, andikhazika pansi, ndipo sindingamunene kuti walakwa. Koma ine ndikachoka pampando uwu ndipita kuti? Kuchipinda kwanga kuli bedi ndi khoma."

Mayiyo anakumbuka mchimwene wake ndipo anamva chisoni. Anapangana kuti pansanja iye aziima chammbali, moti Wang'oma aziona dzanja lake ndi nkhope yake. Akakweza gitala, ndiye kuti nyimbo ikusintha. Akagwedeza mutu kawiri, ikutha. Akatchula manambala ndi milomo yokha, ndiye poyambira. Kuti azolowere zizindikirozi, ankakumana m'kalabumo Lachitatu lililonse pa nthawi ya nkhomaliro, pamene munalibe munthu.

"Ngakhale alamu asadziwe," anatero Wang'oma. "Nkhani ikalowa m'nyumba imatulukira pazenera."

Mayiyo analonjeza. Cholinga chake chinali chabwino, koma analakwa. Mkazi kapena mwamuna wapabanja sayenera kulandira chinsinsi chimene sangachiike pathebulo la kunyumba kwake. Chifundo chimene chimabisidwa kwa mnzako wa m'nyumba chimaoneka ngati chinthu china chikadzaonekera.

Kuyambira pamenepo gululo linayamba kuimba bwino kuposa kale, ndipo anthu anachuluka. Koma Wamawotchi, kuseri kwa chipilala, ankaona zina. Ankaona mkazi wake atafulatira anthu theka, maso ali pa mwamuna wina. Ankaona milomo yake ikunena mawu amene sankamveka, mwamunayo n'kugwedeza mutu. Pa nthawi yopuma ankaona Wang'oma atawerama pafupi, akuyang'anitsitsa pakamwa pa mkazi wa mwini ngati munthu waludzu. Wamawotchi anali ndi diso lozolowera kuona tinthu tating'ono, ndipo palibe kanthu kamene kanamuphonya. Chimene analibe ndi munthu womuuza tanthauzo lake.

Mlongo wake wamkulu anali ndi saluni kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo la kalabu. Tsiku lina anabwera pansi pa masitepe paja, n'kuima pakhomo chikwama chili m'khwapa.

"Achimwene, ine sindikonda kulowerera za m'nyumba za eni."

"Ndiye musalowerere, achemwali."

"Ndikungofunsa. Kodi alamu anga Lachitatu masana amasita zovala m'chipinda chapansi chija? Chifukwa milungu isanu tsopano ndikuwaona akutsikira m'menemo. Patsogolo bambo wa ng'oma uja, pambuyo iwo. Ola lathunthu. Makasitomala anga afika pomasintha mipando kuti aziona bwino pawindo."

"Amakayeserera nyimbo."

"Awiri? Enawo nyimbozo anabadwa akuzidziwa? Inu khalani pomwepo muzikonza nthawi ya anthu ena, yanu ikukutherani."

Anapita. Wamawotchi anabwezera kagalasi padiso, koma kasipuling'i kanathawa pakapani n'kutayikira pansi. Anakafunafuna chogwada mpaka madzulo. Mlongoyo sananame, zonse ananena anaziona ndi maso. Koma pali anthu amene amanena zoona ndi mtima wofuna kuona nyumba ikupsa, ndipo tchimo lawo silichepa chifukwa choti sanapeke kanthu.

Loweruka lotsatira gululo linaimba kuposa masiku onse. Nyimbo yomaliza itatha, anthu anakuwa mpaka mwini malo anazimitsa ndi kuyatsa magetsi. Wamawotchi anachotsa thonje m'makutu n'kupita kukadikira mkazi wake pafupi ndi khomo. Pamenepo panaima Kaputeni ndi mnzake wa gulu lina, akupukuta thukuta. Sanamuone.

"Aise, awiri akowa afika patali," anatero mnzakeyo.

"Usanene. Akwatirana zenizeni. Poyamba ankachita manyazi, mayiyo ankatsalira m'mbuyo. Koma pano? Mwezi wonse uno akungokwatirana, ine kutsogolo ndimangomva kukoma."

"Ndiye usawasokoneze."

"Ndiwasokoneze ndine wamisala? Zimene akuchita kuseriko apitirize."

Anaseka n'kuwombana m'manja. Wamawotchi anakwera masitepe khumi ndi awiri aja osadziwa kuti akukwera. Anapita kunyumba yekha, koyamba chiyambire.

Mkazi wake atafika anamupeza atakhala pathebulo, jekete lili m'thupi.

"Bambo, mwandisiya bwanji? Ndakufunani ponseponse. Gitalayi ndanyamula ndekha."

"Akanakunyamulirani amuna anu."

"Amuna anga si inu?"

"Ine ndimayesa choncho. Koma lero ndamva ndi makutu angawa, pakhomo, pagulu, kuti inu ndi bambo wa ng'oma uja mwakwatirana. Mwezi wonse. Ndipo amene amanenayo amaseka."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, kenako anaphulika kuseka. Anaseka mpaka anagwira khoma. Sanali kumunyoza, kunali kuseka kwa munthu amene waona kuti chimene amachiopa n'chaching'ono. Koma mwamunayo anaona kuseka kuja kwa pansanja, kumene sikunkafika kunyumba, kutafika tsopano pa nkhani ya manyazi ake.

"Pepani, bambo. Amenewo ndi mawu a pantchito. Besi ndi ng'oma zikagunda pamodzi timati zakwatirana. Kafunseni aliyense."

"Ndikafunse omwe amandisekawo?"

"Palibe amene amakusekani."

"Amanditchula alamu. Tsopano ndadziwa kuti ndine mlamu wa yani. Chabwino, ndi mawu a pantchito. Nanga kumuyang'ana kuja usiku wonse?"

"Ndi mmene timaimbira."

"Nanga iye kukuyang'anani pakamwa? Nyimbo imatuluka pakamwa panu, inu woimba ndi zala?"

Mayiyo anasiya kuseka.

"Nanga Lachitatu masana?"

Mayiyo anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Wakuuzani ndani?"

"Si funso langa limenelo. Mumapita kapena simupita?"

"Ndimapita."

"Kukatani?"

"Kukayeserera."

"Awiriwiri. Chifukwa chiyani awiriwiri?"

"Bambo, pali chifukwa chake, ndipo si chimene mukuganizacho. Koma ndinalonjeza munthu. Ndipatseni masiku ochepa ndikamupemphe kuti andimasule, ndidzakuuzani zonse."

"Mukapemphe chilolezo kwa iye kuti mulankhule ndi ine?"

"Simukundimvetsa."

"Ndakumvetsani bwino. Munalonjeza iye. Ine munandilonjeza chiyani pamaso pa anthu tsiku lija?"

"Zaka zisanu ndakhala nanu, munandipezapo ndi bodza?"

"Mwina sindinkayang'ana."

Mawu amenewa anamulasa mayiyo, ndipo nayenso anayankha ndi ukali.

"Simunkayang'anadi. Mumayang'ana mawotchi. Muno mumalankhula mawu angati pa tsiku? Ndikakhala chete, inu chete. Ndikalira, mumapukuta zida. Lero mwapeza pakamwa chifukwa cha miseche?"

Mwamunayo anaimirira. Anatenga bulangete n'kukagona pabalaza. Choonadi chimodzi chimene mkaziyo ananena chinakanidwa chifukwa cha china chimene anabisa. Ndi mmene zimakhalira: munthu akakupeza utatseka chitseko chimodzi, sakhulupiriranso zimene wamuonetsa m'zipinda zotsegula.

Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri sanalankhulane. Mayiyo ankaika tiyi pathebulo, tiyiyo n'kuzizira. Mwamunayo ankapita kuntchito n'kukhala osagwira kanthu. Sanapite kwa ankhoswe, sanapite kwa abusa, sanapite kwa Kaputeni kukafunsa tanthauzo la mawu aja. Njira zonsezi zinalipo ndipo zinaikidwa kaamba ka masiku ngati amenewa. Koma ankaopa kusekedwa kuposa mmene ankaopera kulakwa. Anakhala yekha ndi maganizo ake, ndipo maganizowo ankanenepa.

Lachitatu m'mawa mayiyo anatsimikiza mtima kuti akauza Wang'oma kuti chinsinsi chija sangachisungenso. Koma kushopu kunabwera mulu wa nsalu za pabedi zofunika tsiku lomwelo, ndipo bwana wake sanamulole kutuluka pa nthawi yake. Anachedwa ndi mphindi makumi awiri.

Wamawotchi anatseka kachipinda kake masana, chinthu chimene sanachitepo. Sanatenge chida chilichonse. Ankafuna kuona, ndipo mwina kupempha. Mlongo wake anamuona pawindo la saluni akutsika masitepe, n'kuitana makasitomala kuti adzaone.

M'kalabumo munali babu limodzi loyaka. Mipando inali itasanjikizidwa pamathebulo. Wang'oma anali yekha pansanja, atagwada chofulatira khomo, akumanga chikopa cha ng'oma ndi kakiyi. Ankamenya pang'ono ndi chala, dzanja lina atalisanjika pachikopapo kuti amve kunjenjemera kwake.

Wamawotchi anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Akulu," anatero.

Wang'oma anapitiriza kupotokola kakiyi.

"Akulu, ndine mwamuna wa mayi uja. Ndabwera mwaulemu."

Msana uja sunatembenuke.

Pamenepo munthu wachete uja analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhulapo moyo wake wonse. Anati iye sadziwa kuimba, sadziwa kuseketsa anthu, ndipo akudziwa kuti ndi munthu wotopetsa kukhala naye. Anati asanakumane ndi mayiyo ankadya chakudya chake ataimirira, chifukwa panalibe chifukwa chokhalira pansi. Anati mwana anawakana, ndipo sanadziwe mmene angamutonthozere mkazi wake, n'chifukwa chake ankangopukuta zida. Anati inu muli ndi anthu okuwomberani m'manja Loweruka lililonse, ine ndili ndi munthu mmodzi yekhayu. Misozi inkatsikira m'jekete.

"Ndikukupemphani, ndisiyireni. Sindikuuzani mawu oipa, sindikauza munthu. Ingotembenukani mundiyankhe ngati mwamuna mnzanu."

Nthawi yomweyo chikopa chija chinafika pamene Wang'oma ankafuna. Anachimva m'dzanja lake. Anagwedeza mutu, n'kuseka yekha chapansipansi, n'kumenya ng'omayo kawiri mokondwa.

Wamawotchi anamva kusekako. Pafupi naye panali chitsulo choimikapo maikolofoni, cha tsinde lolemera. Anachinyamula ndi manja awiri n'kumenya kamodzi, kunkhongo. Wang'oma anagwera pa ng'oma zake, mbale zachitsulo zoimbira pamodzi ndi ng'omazo zinagwa n'kulira pansi mpaka zinaleka zokha. Anafa osadziwa kuti m'chipindamo munalowa munthu.

Mayi uja anali pa sitepe yachitatu pamene anamva phokosolo. Anatsika chothamanga, n'kuona. Anagwada, n'kugwira mutu wa Wang'oma, magazi akuyenderera m'zala zake.

"Mwachita chiyani?"

"Ndinamupempha," anatero mwamunayo, chitsulo chidakali m'manja. "Ndinamupempha mwaulemu. Sanafune ngakhale kundiyang'ana. Anandiseka."

"Samva," anatero mayiyo. "Bambo, munthuyu samva. Ndi gonthi."

Wamawotchi anaika chitsulo pansi bwinobwino, mochiimika monga anachipezera. Anakhala m'mphepete mwa nsanja ndipo sanasunthe mpaka apolisi anafika.

Mlandu unazengedwa patatha miyezi isanu ndi iwiri. Kaputeni anaitanidwa kudzachitira umboni, atavala suti yobwereka, ndipo woweruza anamufunsa tanthauzo la mawu amene ananena pakhomo paja.

"Bwana, ndi mmene timanenera. Besi ndi ng'oma zikamayenda pamodzi timati zakwatirana. Ngakhale oimbawo akhale amuna okhaokha timatero. Ine ndinkayamikira ntchito."

"Munkadziwa kuti malemuyo samva?"

"Ayi, bwana. Ndinangoona kuti wayamba kuimba bwino." Anapukuta kumaso. "Akanandiuza sindikanamuchotsa. Tinayamba limodzi tili anyamata. Ndikanangomuuza mayiyu kuti aime pomwe ankaimapo."

Kalata ya dokotala, imene inapezeka pansi pa matiresi m'chipinda cha malemuyo, inawerengedwa. Mayi uja anafotokoza zizindikiro zonse, kukweza gitala, kugwedeza mutu, manambala a pamilomo, ndipo anazionetsa ndi manja opanda kanthu pamaso pa bwalo. Mlongo wa Wamawotchi anati iye anangonena zimene anaona ndipo sanatume munthu kukapha. Palibe lamulo limene likanamugwira. Anatuluka m'bwalomo nkhope ili pansi, ndipo saluni yake anaisamutsira kwina.

Loya wa woimbidwa mlandu anapempha chifundo. Anati munthuyu sanapalamulepo, sanatenge chida popita, ndipo sanathawe. Wamawotchi atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anati, "Ndinapha munthu wosalakwa. Ndilibe chowonjezera."

Woweruza anati bwalo lavomereza kuti sanapite ndi cholinga chopha. Koma anati ngakhale zonse zimene ankaganizazo zikanakhala zoona, lamulo silipatsa mwamuna aliyense ufulu wokantha mnzake kumbuyo atagwada. Anati woimbidwa mlanduyo anali ndi masiku atatu athunthu oti afunse funso limodzi kwa munthu mmodzi, ndipo sanafunse. Anamulamula kukakhala kundende zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga.

Kalabu ija inatsekedwa mwezi umodzi, kenako inatsegulidwanso, pakuti achinyamata sachedwa kuiwala. Gulu la Kaputeni linatha. Mayi uja anabwerera ku simbi yake ndipo sanakwerenso nsanja.

Kundende Wamawotchi anaikidwa m'chipinda cha anthu makumi atatu. Ankagona chammbali, mapazi a wina ali kumaso kwake, ndipo ngakhale m'menemo anali yekha. Akaidi anzake anayesa kumucheza masiku oyamba, kenako anamusiya. Tsiku loona akaidi likafika, ena ankaitanidwa mayina, iye n'kutsala atakhala pakona.

Patatha chaka anaitanidwa. Kuseri kwa waya kunaima mkazi wake, ataonda, atanyamula kathumba ka sopo ndi buledi. Anayang'anana nthawi yaitali, pozungulira pawo anthu akukuwirana nkhani za kumudzi.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndilipo. Sindimayembekeza kuti mungabwere."

"Nanenso sindimayembekeza. Ndabwera kamodzi kokha, ndipo ndikupita kwathu mwezi wamawa. Koma pali chimene chandisowetsa tulo. Tsiku lija m'kalabu muja munati munamupempha. Munamuuza chiyani?"

Wamawotchi anagwira waya ndi zala. Anabwereza zonse, mawu ndi mawu, pakuti anali atazinena mumtima usiku uliwonse: za kudya ataimirira, za mwana, za kupukuta zida chifukwa chosowa chonena, za munthu mmodzi yekhayo amene anali naye. Mayiyo anamvetsera osaphethira, misozi ikugwera pakathumba.

"Zaka zisanu ndinadikira mawu amenewa," anatero. "Munawasunga onsewo n'kukawapereka kwa munthu wosamva. Ine ndinali m'chipinda chinacho, bambo. Ine ndimamva."

Msilikali wa ndende anaimba belu. Mayiyo anapereka kathumba kaja pawindo, n'kutembenuka, ndipo sanacheuke.

Anthu ambiri amati nsanje imabwera chifukwa cha chikondi chochuluka. Si zoona. Imabwera pamene munthu wasiya kufunsa n'kuyamba kuweruza yekha, iye yemweyo wodandaula, iye yemweyo mboni. M'nkhani iyi munalibe wachigololo ngakhale mmodzi. Munali bambo amene anaopa kunena kuti akudwala, mayi amene anasunga lonjezo losayenera kusungidwa, mlongo wokonda kuonerera, ndi mwamuna amene anatsegula pakamwa mochedwa, pamalo polakwika. Mmodzi ali m'manda. Wina anabwezedwa m'chipinda chake madzulo amenewo, chitseko chachitsulo chinatsekedwa, ndipo anali atatsala ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.